Mpando Wachitatu

Lachinayi lililonse, m'nyumba yosanja ku Braamfontein,
Mayi Sebolelo amaika mipando itatu pakati pa kalasi.
Iwiri yoyang'anizana.
Wachitatu pambali pang'ono,
ngati munthu wofika pamaliro osamudziwa womwalirayo.
"Wanu ndi uwu," amatero. "Phunzirani kuukhalira."

Tilipo khumi ndi anayi, mapasipoti asanu ndi awiri.
Abrehet akuti kwawo nkhani siyamba khofi asanazungulire.
Mbuyi akuti wopepesa safika chimanjamanja.
Ine ndinati kwathu wolapa amazolika, maso pansi,
Anneke wa ku Pretoria n'kugwetsa cholembera:
iye anakula akudziwa kuti woyang'ana pansi ndiye wabodza.
Tinaseka. Kenako tinasiya kuseka,
aliyense akuwerenga mumtima anthu amene anawaweruza molakwa.

Mwezi wa Juni anatitumiza ku Yeoville kukayesera.
Fulati imodzi, mabanja anayi, mita imodzi ya magetsi.
Mayi wa ku Bulawayo amasita zovala za ganyu usiku,
bambo wa ku Kinshasa ali ndi firiji ya nsomba zamalonda,
mayunitsi amatha lisanafike Lachitatu.
Mpando kunalibe. Ndinakhalira chigubu cha penti.
Anakalipirana m'zilankhulo zinayi,
ine ndili duu, kope pabondo, zala zitauma ndi chisanu,
kudikira monga anatiphunzitsira,
mpaka mayi uja anati, mawu atatsika:
"Amayi anga atamwalira,
munadutsa pakhomo panga ndi nsomba zanu
osagogoda."

Za magetsi zinathera pomwepo.
Zotsalazo inali masamu chabe.

Pepala ndinalemba za tsiku limenelo
linabwera ndi mamalikisi apamwamba
ndi mawu ofiira m'mphepete: uli ndi khutu labwino.

Khutu labwino.
Mchimwene wanga Kambani amawotcherera mageti ku Turffontein,
ulendo wosakwana theka la ola,
ndipo chaka chino n'chachitatu tisakulankhulana.
Zinayamba ndi malata a nyumba ya amayi ku Ntcheu.
Iye anati: "Iwe wasukulu umatumiza malangizo,
ine ndimatumiza marandi."
Zimene ndinayankha sindizilemba pano.
Ndinazinena m'Chingerezi, dala,
kuti zimupweteke kawiri.

Ndawerenga za mayiko ogawikana ndi mtsinje,
za magulu a nkhondo osainirana mapepala m'mahotela,
ndikudziwa mayina a njira zisanu zothetsera mkangano
ndi chaka chimene iliyonse inalembedwa.
Koma m'mabuku onsewo palibe tsamba
lonena za munthu amene unkagona naye mphasa imodzi,
amene anakubereka kumsana powoloka Mpamadzi atadzaza,
amene fizi yako ya Fomu Fayi... ayi, ya Fomu Folo,
anailipira ndi ndalama ya njinga yake.
Taonani, ngakhale pokumbukira ndimalakwitsa.

Lero ndatuluka m'kalasi dzuwa likupendeka.
Pa Noord utsi wa chimanga chowotcha, mahutala,
mnyamata wogulitsa machaja akundiitana m'Chizulu.
Mzere wa kwathu uli uku.
Ndaima pa mzere winawo.

M'jumbo muli buledi, shuga, ndi magolovesi achikopa,
poti Mbuyi anati safika chimanjamanja.
Maso ndikayang'ana pansi, iye adzamva, ndi wakwathu.
Khofi samwa.

M'takisi ndalama zikuyenda kuchokera kumbuyo,
dzanja ndi dzanja, anthu osadziwana,
Msutu kupatsira Mshona, Mshona kupatsira ine,
chenji n'kubwerera yosaperewera ngakhale senti.
Ndagwira ya mayi wina, ndapereka kutsogolo.

Kumene ndikupitako kulibe mpando wachitatu.
Kuli benchi imodzi yachitsulo, yowotcherera yekha,
ndipo sindikudziwa ngati asendere.